Ndalama ziwiri m'thumba limodzi: moyo wa pamalire ku Tsangano

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu amadziwa kuti pali chigawo chachitali ndithu pomwe galimoto imayenda pamwamba penipeni pa malire. Wolowera kumwera, kumanzere kwake ndi Malawi, kumanja ndi Mozambique. Minibasi ikangoima pa Lizulu, pa Biriwiri kapena pamphambano yopita ku Tsangano, amayi a mabeseni a kachewere, tomato, kabichi ndi karoti amaizinga mbali zonse, ndipo palibe wokwera amene amafunsa kuti mbewuzo zalimidwa m'dziko liti. Wogulitsayo mwina wagona ku Mozambique, walawira m'mamawa, waoloka phula, ndipo wafika m'dziko la eni thukuta lisanatuluke.

Dzina loti Tsangano lili mbali zonse ziwiri. Kuli Tsangano wa ku Ntcheu, m'mapiri a Kirk Range, ndipo kuli boma la Tsangano m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lomwe kale linali mbali ya Angónia. Bomali lili ndi zigawo ziwiri, cha Tsangano ndi cha Ntengo-wa-Mbalame, ndipo kalembera wa 2007 anapezamo anthu pafupifupi 170,000. Likulu lake ndi katauni kochepa: maofesi a boma, chipatala, sukulu, polisi, msika, mashopu, ndi timisewu tafumbi tolowa m'makomo mwa anthu. Munthu wozolowera Ndirande kapena Kawale angakaseke. Komabe mavuto a kumeneko ndi a m'tauni ndithu. Madzi atungidwa kuti, magetsi ayaka liti, katundu atuluka bwanji, ndipo anthu olankhula zinenero zosiyana akhala bwanji mpanda umodzi?

Malire amenewa anajambulidwa mu 1891, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana zogawana dera lino potsata msana wa mapiri, pomwe madzi amvula amapatukana, ena kutsikira ku nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, ena ku mitsinje yothira mu Zambezi cha ku Tete. Pamapu zinkaoneka zanzeru. Koma pamsana pomwepo ndi pamene panali anthu ambiri, chifukwa nthaka ndi yachonde ndipo mvula sivuta. Achewa anali pamenepo kuyambira kalekale, ndipo Angoni a Maseko anali atakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Mzere uja unadula ufumu wawo pakati: a Gomani anatsala mbali ya Angerezi, amene anapha Gomani woyamba mu 1896, pomwe a Zintambira anatsala mbali ya Apwitikizi. Mpaka lero mfunda monga Maseko, Jere, Phiri ndi Banda umapezeka tsidya lino ndi tsidya ilo, ndipo maliro akagwa uthenga umafika kwa abale osadzera pachipata cha boma.

Amene amakhala ku likulu la Tsangano ndi osakanikirana kuposa mmene kukula kwa malowo kungakuuzireni. Eni nthaka ndi Achewa ndi Angoni, olankhula Chinyanja chomwe munthu wa ku Ntcheu amamva popanda womasulira. Koma boma la Mozambique limatumiza antchito ake kulikonse, choncho mphunzitsi angakhale Mnyungwe wa ku Tete, namwino Msena wa ku Beira, wapolisi Mshangana wochokera kumwera kwenikweni, kutali kuposa Harare. Anthu amenewa amachita lendi kwa eni nthaka, amagula makala kwa eni nthaka, ndipo pakapita chaka amakhala akutsutsa mtengo wa tomato m'Chinyanja chopindika. Onjezanipo ogula mbewu ochokera ku Malawi, akamwini amene anabwera kudzakwatira n'kukhaliratu, ndi amalonda ochokera kutali monga ku Bangladesh, omwe atsegula mashopu ndi masikelo ogulira chimanga ndi soya m'matauni ambiri a dera lokwerali.

Pamsika chinenero ndi Chinyanja, mu ofesi ndi Chipwitikizi. Mayi yemweyo amene wagulitsa kachewere tsiku lonse osatchula liwu limodzi la Chipwitikizi, akafika kolembetsa mwana kapena kotenga chiphaso amasowa pogwira, n'kuyamba kufunafuna mdzukulu wa kusekondale kuti amulankhulire. Kuyambira 2003 Mozambique inayamba kuphunzitsa ana a makalasi oyamba m'zinenero zawo m'sukulu zina, Chinyanja ndi Chinyungwe zili m'gulumo, ndipo wailesi ya boma ku Tete imaulutsanso m'zinenero zimenezi. Koma m'midzi yoyandikana ndi malire makolo ena amangotumiza ana kusukulu yomwe ili pafupi, ngakhale ikhale ya ku Malawi. N'chifukwa chake m'banja limodzi mungapezeke mwana wowerenga Chingerezi ndi mbale wake wowerenga Chipwitikizi, onse akudya nsima mbale imodzi.

Ulamuliro wa m'makomo nawo ndi wosanjikizana. Tauni ya ku Mozambique imagawidwa m'madera otchedwa bairro, ndipo dera lililonse lili ndi mlembi wake, secretário, yemwe pansi pake pali oyang'anira magulu a nyumba. Dongosololi linabwera ndi Frelimo dziko litalandira ufulu mu 1975, pamene chipanicho chinachotsa mafumu powanena kuti ankatumikira atsamunda. Mafumuwo sanathe, anthu anapitiriza kuwatulira milandu ya minda, ya maukwati ndi ya ufiti. Mu 2000 boma linawavomerezanso mwalamulo, n'kuwapatsa yunifolomu ndi mbendera. Lero munthu wofuna kalata yotsimikiza komwe amakhala amapita kwa secretário, koma wofuna malo a manda amapita kwa a nyakwawa. Mlendo wochenjera amalonjera onse awiri.

Za ndalama ndiye zimafuna mutu wogwira. Mozambique ili ndi metical, Malawi ili ndi kwacha, ndipo m'misika ya pamalire zonse zimayenda. Wogulitsa nyemba amasunga mitengo iwiri m'mutu, amalandira ndalama ina n'kubweza chenji cha ndalama inzake, ndipo salakwitsa. Osintha ndalama amakhala chapafupi ndi mipukutu yawo, mtengo wawo ukusintha malinga ndi tsiku. Kale kwacha ndiyo inkalamula, popeza sopo, mchere, shuga ndi feteleza zinkachokera ku Malawi. Zinthu zatembenuka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe metical yakhala zaka zingapo osasunthasuntha poiyerekeza ndi dola. Mlimi wa ku Tsangano amene ankakondwa ndi kwacha tsopano amayamba waganiza kawiri, chifukwa ndalama imene walandira lero ikhoza kukhala itapepuka pofika nthawi yogula feteleza. Mafuta a galimoto akasowa ku Malawi, zigubu za petulo zimaoloka kuchokera tsidya ilo, ndipo a kabaza a ku Ntcheu amadziwa bwino njira zake.

Foni nayonso ili ndi mizere iwiri. Pamapiri amenewa netiweki siima pachipilala cha malire, kotero foni imodzi imagwira Airtel kapena TNM ukaima pakhonde, n'kugwira Vodacom kapena Movitel ukazungulira kuseri kwa nyumba. Movitel, yomwe inayamba mu 2012 mothandizana ndi kampani ya Viettel ya ku Vietnam, ndiyo inatchuka pokwera mapiri ndi kuimika nsanja kumidzi komwe anzake ankakuona ngati kotaya ndalama. Ndi nsanjazo kunabwera e-Mola, kupikisana ndi M-Pesa ya Vodacom, monga mmene Airtel Money ndi Mpamba zimachitira ku Malawi. Kudera komwe banki ili kutali, kakhumbi ka ejenti wotumiza ndalama kasanduka banki ya mphunzitsi, ya mlimi ndi ya gogo wolandira thandizo kwa mwana wake wa ku Johannesburg. Ambiri amasankha foni yolowa makadi awiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu.

Koma chimene chimagamula moyo wa Tsangano ndi msewu.

Derali ndi lokwera, lozizira, lankhungu m'miyezi ya June ndi July, moti munthu wochokera mumzinda wa Tete, komwe dzuwa limawotcha mpaka phula kufewa, amafika atavala malaya opyapyala n'kugula juzi tsiku lomwelo. Kuzizirako ndiko chuma chake. Kuno kumalimidwa kachewere wambiri, kabichi, nyemba, nsawawa, adyo, mapichesi, ngakhalenso tirigu, mbewu yosowa m'maiko onse awiri. M'madimba a m'mbali mwa timitsinje anthu amakolola ngakhale m'chilimwe, ena akuthirira ndi ngalande zopatutsa madzi kuchokera kumtunda popanda injini iliyonse. Kachewere wa kuno amadyedwa ku Tete pamsika wa Kwachena, ku Moatize kwa ogwira ntchito m'migodi ya malasha, ku Beira, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wokazinga chipisi pa Ginnery Corner mwina sakudziwa kuti thumba lomwe watsegula m'mawa ladutsa m'manja mwa anthu a maiko awiri.

Vuto la kachewere ndi loti ndi wolemera ndipo sadikira. Chimanga ungachiike munkhokwe n'kuyembekezera mtengo wabwino. Kachewere ukamusunga amamera kapena kuola. Choncho mtengo wake umadalira kuti lole ingafike pati. Ulendo wa thumba limodzi umayamba pamutu kapena pangolo ya ng'ombe, kuchoka kumunda kufika pamsewu wafumbi. Pamenepo limakwera njinga yamoto, matumba awiri kapena atatu atamangidwa ndi mphira, woyendetsa atakhala pafupifupi pathanki. Kenako limadikira lole. Aliyense pa ulendowu amadyapo yake, ndipo zonse zimachotsedwa pa mtengo wa mlimi. Mvula ikagwa, dothi lofiira la m'mapiri limaterera, malole amatitimira pazitunda, ndipo wogula mmodzi amene walimba mtima kufika ndiye amatchula mtengo. Mlimi amangoti tengani, poopa kubwerera nawo kunyumba.

Msewu waukulu wa phula mbali ya Mozambique ndi N304, womwe umapatuka pa Mussacama pa msewu wa Tete ndi Zóbuè, n'kukwera mpaka ku Ulónguè ndi kuchipata cha Calómuè moyang'anizana ndi Dedza. Likulu la Tsangano lili pambali, ndipo limafikika podzera msewu wopatuka pa Mphulu. Msewu umenewu, pamodzi ndi wochoka ku Ulónguè kudzera ku Dómuè mpaka ku Furancungo, likulu la Macanga, unalowa m'ndondomeko ya misewu yokonzedwa ndi ndalama za World Bank pansi pa ntchito yomwe inavomerezedwa mu 2013. Cholinga chinali choti zokolola za dera lokwerali zizifika msanga kumisika ya Tete ndi kunjanji yopita ku Nacala. Mbali ya Malawi nkhani ndi ya msewu wa Ntcheu, Tsangano, Neno mpaka Mwanza, womwe andale akhala akuulonjeza kampeni ndi kampeni. Ntchito ya chigawo choyamba inaperekedwa kwa asilikali a Malawi Defence Force, ndipo yayenda mwakachetechete kwambiri, kunena mwaulemu. Chodabwitsa n'chakuti maboma awiriwa amakonza misewu yawo aliyense payekha, chikhalirecho alimi ake amagwiritsa ntchito misewu yonse iwiri ngati umodzi, kusankha womwe uli bwino mwezi umenewo.

Nkhani ya magetsi imapweteka mwa mtundu wina. Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, lomwe linamalizidwa mu 1974 ndipo lingathe kupanga mamegawati 2,075, kuposa kutalitali onse amene Malawi imapanga. Koma damulo linamangidwa ndi maso oyang'ana ku South Africa, ndipo gawo lalikulu la mphamvu zake limayenda pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 kukayatsa kumeneko. Mozambique inatenga ulamuliro wa damulo kwa Portugal mu 2007. Kwa zaka zambiri matauni ena a pamalire monga Zóbuè ndi Ulónguè ankayatsa magetsi ogula ku ESCOM ya ku Malawi. Tsopano mtsinje ukubwerera kumtunda: nthambo zazikulu zochokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka, mtunda wa makilomita 218, zamangidwira kuti Malawi ndiyo izigula kwa Mozambique.

Pansi pa nthambo zikuluzikuluzo, munthu wamba amaona zake. Pomwe mapolo a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, afika, moyo umasintha msanga: chigayo chimasiya dizilo, wowotcherera zitsulo amatsegula shedi, firiji ya zakumwa imayamba kulira, ndipo anthu amaphunzira kugula mayunitsi a Credelec pafoni. Koma mapolo amatsata msewu, ndipo ukangopatuka pang'ono umapeza kasola padenga, kabatire pakona, ndi mnyamata amene bizinesi yake ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse. Boma la Mozambique linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi. Pophika, ngakhale m'nyumba zoyaka mababu, nkhuni ndi makala ndizo zikulamulabe, ndipo mapiri omwe kale anali ndi mitengo ya tsamba ndi masuku akuonekera mbali zonse za malire.

Madzi ndi a pamjigo ndi pachitsime kwa anthu ambiri. Mjigo uli ndi komiti yake, kope lake la zopereka, ndi mikangano yake, makamaka ukathyoka n'kupezeka kuti ndalama yogulira chitsulo inabwerekedwa pamaliro. Pamzere wa ndowa m'mamawa ndi pomwe mkazi wa wapolisi wochokera kuchigawo cha Gaza, kumwera kwa Mozambique, amaphunzira Chinyanja chenicheni, chosapezeka m'buku.

Matenda nawo sanamvepo za pangano la 1891. Odwala amapita komwe kuli pafupi kapena komwe amva kuti mankhwala alipo, ndiye zipatala za ku Ntcheu ndi Dedza zimalandira anthu a ku Mozambique, pomwe ena amalowera kuchipatala cha ku Ulónguè. Oyang'anira zaumoyo amadandaula kuti bajeti yawo imawerengera anthu a dziko limodzi pomwe pabenchi pakhala a maiko awiri, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Chaka cha 2022 chinaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Mu February ku Lilongwe kunapezeka mwana wodwala poliyo wa mtundu womwe Africa inali italengezedwa kuti yathana nawo mu 2020. Mu May matendawo anapezekanso m'chigawo cha Tete. Maiko awiriwa, pamodzi ndi oyandikana nawo, anachita katemera wa khomo ndi khomo maulendo angapo, ndipo m'midzi ya pamalire opereka katemera ankadontheza mkamwa mwa mwana aliyense amene amupeza, osafunsa chiphaso. Mliriwo unalengezedwa kuti watha mu May 2024.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nyumba zambiri za njerwa zowotcha ndi malata ku Tsangano ndi zatsopano, ayenera kukumbukira nkhondo. M'nthawi ya Apwitikizi anthu ankathawira ku Nyasaland poopa ntchito yokakamiza ya chibalo. Frelimo itatsegula nkhondo ya ufulu ku Tete mu 1968, enanso anaoloka. Koma chipwirikiti chachikulu chinali cha nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980, pamene midzi yathunthu ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga inasamuka. Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Ntcheu ndi Dedza ambiri sanakhale m'misasa. Anamanga tizisakasa m'midzi ya abale awo, kuyang'ana minda yawo ili tsidya lina la msewu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anabwerera kukapeza mashopu opanda madenga, sukulu zogumuka ndi milatho yothyoka. Ana obadwira kothawako ndiwo akuluakulu a lero, ndipo ambiri mwa iwo anayamba sukulu ku Malawi.

Mantha aja anabweranso mu 2015 ndi 2016, pamene asilikali a boma ndi a Renamo anayambanso kuwomberana m'madera a Tsangano ndi Moatize. Anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo ena anasamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno, womwe unasungapo makolo awo pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ija. Kumenyanako kunaima kumapeto kwa 2016, ndipo mu August 2019 pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa Renamo, Ossufo Momade, anasaina pangano lina la mtendere. N'zosadabwitsa kuti mabanja ena amasungabe phazi limodzi tsidya lililonse: munda kuno, kanyumba uko, mbuzi zingapo kwa malume.

Lamulungu m'mawa kusakanikirana kuja kumamveka ndi makutu. Akatolika ali ndi mizu yakuya kuno chifukwa cha ansembe a chipani cha Jesuit, amene anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia ndi ya Fonte Boa m'boma la Tsangano, ndipo m'zaka zaposachedwa anamanga sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi. Pa Fonte Boa pomwepo ndi pamene achiwembu anapha wansembe wa ku Brazil, Waldyr dos Santos, ndi mayi wodzipereka wa ku Portugal, Idalina Gomes, mu November 2006. Mpingo wa Igreja Reformada unachokera ku mishoni ya Mphatso yomwe amishonale a Dutch Reformed anatsegula mu 1909, ndipo Apwitikizi ataitseka mu 1922, Akhristu ake anapitiriza kudalira abale awo a ku Nkhoma. Mpaka lero Buku Lopatulika lomwe limawerengedwa m'matchalitchi a mpingowu ndi lomwe lija la ku Malawi. Pali mipingo ya chipentekoste, pali Asilamu, pali a Mboni za Yehova amene anazunzikapo m'maiko onse awiri. Madzulo ng'oma za gule wamkulu zimalira kudambwe, ndipo pa zikondwerero amuna a Chingoni amatulutsa zishango n'kuponda ngoma. Mu 2005 UNESCO inazindikira gule wamkulu ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, ndipo chaka ndi chaka mu August mafumu a Achewa a ku Tete amapita ku Mkaika ku Katete, m'dziko la Zambia, kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Kumadzulo kwa Tsangano kuli Macanga, dera lomwe m'zaka za m'ma 1800 linkalamulidwa ndi banja la Pereira, anthu a magazi osakanikirana a ku Goa ndi Achewa, omwe anali ndi asilikali awoawo ndipo ankalimbana ndi Apwitikizi a ku Tete. Lero Furancungo ndi tauni ya fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imapereka mbewu ndi feteleza pangongole n'kudzagula fodyayo, yemwe amakakonzedwa kufakitale yake mumzinda wa Tete. Luso lolima fodya wa bale ambiri analitenga ku Malawi, ndipo nyengo ya ntchito ikafika anyamata a ku Dedza ndi Lilongwe amaoloka kukagwira maganyu m'minda ya ku Macanga, kutsata njira zomwe makolo a mabwana awo anadzera pothawa nkhondo. Malipiro amapangana m'Chichewa, amalandira fodya akagulitsidwa, ndipo masiku ano ambiri amaumirira kuti akhale a metical.